Kalikuleta ya Malemu Che Mikidadi

Tete Bushra anachiponya patebulo, chikalira ngati kachitsekerero ka botolo.

"Mkuwa!" anatero. "Amwenye a m'tauni achiyesa. Akuti ndi mkuwa wopukutidwa bwino basi. Cha golide cha amayi anga chili kuti, murora?"

Chinali chipini, kandolo kapamphuno kaja amavala amayi achiYao. Apongozi anga, mayi Amira, anavekedwa chipini ndi amuna awo, malemu Che Mikidadi, tsiku la ukwati wawo, ndipo Mbare yonse, komboni yathu ino, inkadziwa kuti n'cha golide weniweni. Tsopano apongozi anali atatisiya, ndipo mwana wawo wamkazi, mlongo wa mwamuna wanga, amene kuno timati tete, ine mlamu wake n'kukhala murora, anali ataima m'nyumba mwanga manja ali m'chiuno, akunditchula mbava.

Ine ndine Febbie, mkazi wa Nasiri. Nasiri amayendetsa lole ku Joni, amabwera Khirisimasi ikakumbuka. Ndiye amene ankawasambitsa amayi ake, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, anali ndani? Ine. Tete Bushra amakhala ku Sunningdale, ulendo wa kombi imodzi yokha, minibasi zathu zija, koma ankabwera ndi malalanje atatu m'pepala, kukhala pang'ono, n'kunena kuti m'chipindamo mukununkha.

"Unali nawo wekha m'nyumba muno," anatero. "Unachivula ali mtulo n'kuwaveka ichi. Lamulungu ndi arubaini. Amayi onse a kumzikiti adzakhala pabwalopa. Ngati golideyo saoneka, ndidzanena pamaso pawo kuti ndiwe wakuba, ndipo nyumba ino udzatuluka ndi ana ako."

Arubaini ndi sadaka ya masiku makumi anayi, tsiku limene achibale amasonkhana kupempherera womwalira n'kugawana katundu wake. Nyumbayo inali m'dzina la apongozi. Kwathu ku Mufakose makolo anga anatha kale. Ndikanapita kuti ndi ana awiri?

Ndinaimbira Nasiri pomwepo. Anamvetsera, akupuma m'foni, kenako anati, "Febbie, ngati unangobwereka, ungobweza. Sindikwiya."

Abale inu! Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse a Bushra. Ndinakhala pansi pakhomo n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Ukulira chiyani? Unaba?"

Anali mayi Iris, a nyumba yoyandikana nafe, atatsamira pampanda ndi chidebe cha chakudya cha nkhuku. Makolo awo anachokera ku Dedza. Iwo anagwira ntchito ya upolisi mpaka tsitsi kuyera, ndipo ngakhale tsopano amaweta nkhuku, akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo ako onse. Mulungu awadalitse mayi amenewa. Ndikunena poyera, pakanapanda iwo bwenzi lero ndikugona pa Musika.

"Sindinabe," ndinatero.

"Ndiye pukuta mamina, vala nsapato."

Analowa pageti osapempha, n'kumupeza Bushra akumanga mpango kuti azipita.

"Mayi, chipinichi anachivula ndani pamphuno ya malemu?"

"Mayi Bahati, osambitsa maliro. Anandipatsa m'manja. Koma inu zikukukhudzani pati?"

"Makoma a ku Mbare ndi opyapyala, mwandikhudza nokha. Nanga kwa Amwenye munapita nacho kukatani, arubaini isanakwane, katundu asanagawidwe?"

Bushra anakonza mpango wake. "Kukachitsukitsa."

"Oo," anatero mayi Iris. "Kukachitsukitsa. Chabwino."

* * *

Mayi Bahati tinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akusankha nyemba m'lichero. Ndi okalamba zedi, mano anatsala awiri, ndipo amalankhula pang'onopang'ono ngati mawu aliwonse amayamba awalawa.

"Ndinachivula ndine, mwanangu. Munthu sapita kumanda ndi zokongoletsa. Amapita ndi sanda yake basi."

"Pamphunopo panali bwanji?" anafunsa mayi Iris.

"Pamphuno ndi pamphuno."

"Agogo, ine ndaona mitembo yambiri, koma inu mwaona yambiri kuposa ine. Panali bwanji?"

Dzanja linaima m'lichero. "Panali pobiriwira," anatero. "Ngati pa mpopi wakale."

"Golide amasiya zobiriwira?"

"Sasiya."

"Kubiriwira kwa mwezi umodzi, kapena kwa chaka?"

Mayi Bahati anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana kumwamba. "Amira anandilumbiritsa."

"Amira ali kwa Mulungu. Uyu ali pano, ndipo Lamulungu akumutulutsa m'nyumba ndi adzukulu a Amira yemweyo. Mukuganiza kuti mnzanuyo akanafuna chiti?"

Nkhuku inafika n'kujompha nyemba, agogo aja osaiingitsa. Kenako anayamba.

"Chinali chaka cha kolera. Anthu ankagwa ngati ntchentche m'Mbare muno. Ine ndi Amira tinagona tenti imodzi, mabedi oyandikana. Iye anabwera pa wilibala, akukankha amuna ake, asakudziwa kanthu. Atatsitsimuka, chinthu choyamba anagwira pamphuno. Panalibe kanthu. Analira, mwanangu, munthu wopanda madzi m'thupi koma misozi inapezeka. Ankati chinagwa panjira. Ankati, ndikawauza chiyani a Mikidadi? Koma sanawauze kanthu. Pamene iye ankatuluka, Che Mikidadi anali atawaika kale. Matenda omwewo."

"Ndiye ichi chamkuwa?"

"Anakasulitsa ku Magaba, kwa osula zitsulo kuja. Bushra anali ku Botswana kokaoda katundu, Nasiri anali mnyamata wosayang'ana nkhope ya amake. Anachita manyazi kuti wataya mphatso ya mwamuna wake. Anati ana asadziwe mpaka kalekale."

Ndinafuna kuwakumbatira agogo aja. Chaka cha kolera ine ndinali mtsikana wa sukulu ku Mufakose, Nasiri ndisanamuonepo n'komwe. Koma titatuluka pageti mayi Iris anandithira madzi ozizira.

"Usavine. Bushra adzati gogo wakalamba, mwamunyengerera ndi shuga. Mawu okha sakwana. Tikufuna golideyo."

"Wotayika panjira kalekale? Timupeza bwanji?"

"Unayamba wachivulapo chipini? Chili ndi kotsekera m'kati mwa mphuno. Sichigwa chokha, ngakhale wilibala idumphe bwanji. Wina anachivula ndi manja, ndipo tsiku limenelo Amira anali m'manja mwa munthu mmodzi."

* * *

Che Abdalla ndi mkulu wa kumzikiti, ndiwo amayendetsa nkhani za banja lathu chimwalirireni Che Mikidadi. Awiriwo anagwira ntchito limodzi pa fakitale ina ku Msasa. Makutu anawathawa, ndiye amalankhula mokuwa ngati ali tsidya lina la msewu, ndipo nkhani yawo siyenda njira yachidule.

"Mikidadi! Ha! Munthu uja anali wosamala mpaka kutopetsa! Chingwe cha buledi ankachisunga! Tsiku lina bwana wathu, mzungu wamfupi, wadazi..."

"Che Abdalla," anakuwa mayi Iris, "tsiku lomwe Amira anadwala kolera munalipo?"

"Ndinalipo! Ndine ndinagwira miyendo pomukweza pa wilibala! Wilibala yake inali yanga, sinabwerenso!"

"Asananyamuke, Mikidadi anachita chiyani?"

"Anawerama pankhope ya mkazi wake. Ndinati akumupempherera, ndinayang'ana kumbali. Kenako anathamangira m'nyumba, n'kutuluka, tiyeni! Kumatenti kuja zovala ankaotcha, chilichonse ankathira mankhwala. Iye ankadziwa zimenezo."

Mayi Iris anandiponda chala. "Kanthu kakang'ono, kamtengo wapatali, munthu ameneyo akanakabisa pati?"

Che Abdalla anaseka mpaka kutsokomola. "Mu kalikuleta! Simukuidziwa? Chikalikuleta chachikulu, chotuwa, manambala ake obiriwira. Anamupatsa fakitale itatsekedwa. Inkayendera magetsi a pakhoma, ndiye kumalo a mabatire anachotsako awiri n'kusiya awiri, kuti anthu akatsegula aziona ngati ndi mabatire basi. Mmenemo ndimo munali sitolo yake! Mapiritsi, kiyi wa loko, singano! Tinkamuseka tonse!"

Kalikuletayo ndinkaidziwa bwino. Inkakhala pakatebulo ka pafupi ndi bedi la apongozi, itafunditsidwa kansalu koluka. Sinkayaka chilowereni ine m'banjamo, koma iwo ankaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo atafooka manja ndinkawapukutira ndine.

"Tiyeni kunyumba," anatero mayi Iris.

"Kulibe," ndinatero. "Sabata yatha tete anadzaza thumba. Wailesi yakale, simbi, kalikuletayo. Anati ndi zinyalala. Anapatsa munthu wogula zakutha wa ku Magaba."

* * *

Ku Magaba munthu sumva ngakhale mtima wako. Nyundo, makina owotcherera zitsulo, anyamata okuwa, fumbi lolowa mpaka m'mano. Tinafunsa apa, tinafunsa apo, mpaka tinamupeza. Dzina lake Custodio, wa ku Tete, wowonda, chipewa chotembenuza, atakhala pakati pa mawailesi ong'ambika mimba.

Atangoona kayendedwe ka mayi Iris anaimika manja. "Mai, ine sindigula zakuba! Funsani aliyense! Ine pano ndi mwana wa tchalitchi!"

"Palibe wanena zakuba. Thumba la mayi a ku Sunningdale lili kuti?"

"Aa, lija? Wailesi ndinaphwasula. Simbi inapita. Zinthu zakufa zokhazokha, mai, anandipweteka."

"Kalikuleta?"

Anakanda m'mutu. Kenako anawerama pansi pa tebulo, n'kufukula m'mawaya, n'kuitulutsa. Inali yomweyo, yotuwa, batani limodzi lothothoka.

"Iyi yandikanika. Kuseri kuno chitseko chinagwirana. Ndinayesa ndi sikuludiraiva, wapi! Mawa ndimati ndiimenye ndi nyundo nditengemo waya. Dikirani ndikuonetseni..."

Phaa! Mayi Iris anamumenya padzanja, nyundo ikagwa.

"Musaimenye! Itembenuzeni pang'onopang'ono. Febbie, manja kumbuyo. Yang'ana ndi maso."

Kuseri kwake kunali kachivundikiro kokhala ndi muvi woloza kotsegulira. M'mphepete mwake monse munali zoyera zouma gwa, ngati mchere wogwirana m'botolo nthawi ya mvula, mwina mobiriwira, mwina mwa dzimbiri. Sikuludiraiva ya Custodio inangokanda pamwamba, koma zoyerazo zinali zosasweka kuzungulira konse.

"Mabatire akaiwalika amatuluka madzi," anatero mayi Iris. "Madziwo amauma, amatulukanso, amaumanso. Kuti zifike pamenepa si chaka chimodzi kapena ziwiri. Bambo, inu mumatsegula zotere tsiku ndi tsiku. Izi mwati n'za liti?"

Custodio anakanda ndi chikhadabo. "Izi? Mai, izi n'zakale kuposa ndevu zangazi."

"Wamva, Febbie? Mboni yako ndi imeneyi, ndipo siingagulidwe ndi shuga. Tikatsegula pano taipha. Bambo, mawa masana mubwere nayo nokha ku nyumba ya malemu. Ine sindiigwira, uyunso saigwira."

Pobwerera ndinawafunsa funso lomwe linkandidya. "Nanga mukapezeka kuti mulibe kanthu?"

"Ndiye kuti mulibe," anatero. Mayi aja sanama, ngakhale bodza lotonthoza.

* * *

Loweruka masana tinakhala pabwalo, pamthunzi wa mpeyala. Che Abdalla pampando, mayi Bahati pamkeka, Bushra ataima, akuti alibe nthawi yokhala. Mayi Bahati anafotokoza za kutenti zija, maso ali pansi.

"Nthano!" anatero Bushra. "Amayi anga avale mkuwa zaka zonsezi ine osadziwa? Gogo, akupatsani chiyani?"

Mayi Iris anakodola Custodio, iye n'kuika kalikuleta chafufumimba patebulo.

"Mayi, iyi mukuidziwa?"

"Ndi ya bambo anga. Yakufa."

"Anaichotsa m'nyumba muno ndani?"

"Ndine. Nanga ndi mlandu?"

"Gwirani apa. Kandani. Yesani kutsegula, mphamvu muli nazo."

Bushra anakankha ndi chala, anakankha ndi ziwiri, mpaka chikhadabo chake chopaka utoto chinathyoka. Che Abdalla anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa.

"Apa sipanatsegulidwe!" anakuwa. "Chimwalirireni Mikidadi sipanatsegulidwe! Ndikuikira umboni!"

"Febbie, viniga," anatero mayi Iris. "Ndi mswachi wakutha, ndi mafuta a makina osokera."

Ndinabweretsa, n'kubwerera kukaima patali. Custodio anakulunga thonje kumtengo wa machesi, n'kuviika mu viniga, n'kudontheza m'mphepete mwa chivundikiro. Zoyera zija zinayamba kuchita thovu, zikulira siii. Anadikira, anatsuka ndi mswachi, anapukuta, anadonthezanso. Fungo la viniga linadzaza pabwalo. Anakankha ndi chala chachikulu. Chivundikiro chili nji.

"Nyundo ikanatha kale," anadandaula.

"Mukaswa, muswa ndi zam'kati. Thiraninso."

Anathiranso. Thovu linatuluka lofiirira tsopano, la dzimbiri. Ine ndinkapemphera chamumtima, pemphero losalongosoka, la ku tchalitchi komwe ndinakulira ndi la kumzikiti komwe ndinakwatiwa, zonse pamodzi. Ndinkaganiza za ana anga akusewera kumsewu, osadziwa kuti pogona pawo pali pa kachivundikiro kameneka.

"Taonani nthawi ikutha," anatero Bushra. "Mawa kuli alendo, mpunga sunasankhidwe."

Custodio anadontheza mafuta m'ngodya zonse, n'kugogoda pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha supuni. Go, go, go. Anaika zala ziwiri pa muvi uja, n'kuluma mlomo.

Kwee!

Chinasuntha pang'ono, mpata wolowa chikhadabo. Anagogodanso, anakankhanso, ndipo chivundikiro chinasolokera m'manja mwake, kasipuling'i kadzimbiri katamatirira kumbuyo.

Tonse tinawerama. Mabatire awiri anali otupa, osweka m'mbali, odzaza zoyera. Kumalo a awiri enawo kunali kampira ka nsalu yakuda, yofumbwa.

"Mwana wa malemu atenge yekha," anatero mayi Iris.

Bushra anatola ndi zala ziwiri. Nsaluyo inayoyoka ngati phulusa, ndipo m'dzanja lake munatsala chipini. Mayi Iris anadonthezapo viniga n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo. Chinawala, anthuni! Zitsulo zonse m'menemo zinali zitadyeka, koma icho chinali ngati achivula dzulo.

"Allahu akbar," ananong'ona mayi Bahati, n'kuphimba nkhope ndi mpango. "Amira, mnzanga, sunataye. Chinali pamutu pako pomwepo."

Che Abdalla anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Koyamba chiwadziwireni analankhula motsitsa. "Ankati adzamuveka akachira."

Ine ndinalira, koma kulira kwina. Ndinathokoza Mulungu. Ndinathokoza Che Mikidadi, apongozi amene sindinawaonepo, amene chizolowezi chawo chosekedwa ndi anzawo chinadzandipulumutsa ine mlendo. Ndinathokoza ngakhale mabatire owola aja. Ndinagwada kwa mayi Iris n'kuwagwira mawondo, iwo akuti, "Iwe, dzuka, undigwetsa," koma sindinawasiye msanga.

"Bushra," anatero Che Abdalla, mawu atabwerera mwakale, "chipini n'chako, ndiwe mwana wamkazi. Koma unati udzamutchula mkaziyu wakuba pamaso pa anthu. Ndiye mawa, pamaso pa anthu omwewo, udzanena zomwe waona pano! Ndipo Nasiri umuimbire wekha! Za nyumba sindifuna kumvanso. Muno mukhala amene anadwazika mwini wake."

Bushra anangogwedeza mutu. Za kwa Amwenye zija palibe anazikumbutsa, mayi Iris anangomuyang'ana kamodzi, n'kutola chidebe chawo kupita kwa nkhuku zawo.

Anthu atabalalika ndinalowa m'nyumba kukasankha mpunga. Patapita kanthawi ndinamva bedi la apongozi likulira. Ndinasuzumira. Bushra anali atakhala pamenepo, chipini m'dzanja limodzi, kalikuleta pamiyendo, akuyang'ana khoma.

"Murora," anatero, osanditembenukira. "Febbie. Kumapeto kuja... anavutika?"

Mkwiyo ndinali nawo, wodzaza dengu. Koma ndinalowa n'kukhala naye pabedipo.

"Sanavutike kwambiri, tete. Anapita ali m'manja mwanga, atamwa madzi."

"Ankandifunsa?"

Ndinaganiza zomunamiza, koma m'nyumba imeneyi zobisa zinali zitakwana.

"Tsiku lililonse," ndinatero. "Kombi ikaima pamsewu ankati ndikasuzumire."